Funsani Amalume: supuleyi ikuyenderera pakhoma, nditani?

FUNSO: Amalume moni. Ndine mnyamata wa ku Bembeke, ndimajambula papepala kuyambira ku pulayimale ndipo anthu amati ndili ndi dzanja. Alamu anga ali ndi golosale m'mbali mwa M1 ndiye andipatsa khoma lakumbali kuti ndijambulepo mayi atasenza dengu la kachewere, kumbuyo kwake phiri la Dedza. Ndagula zitini za supuleyi ku hadiweya koma nditayesa pakona penti ikuyenderera, pena ikungolavula timadontho, pena khoma likungomwa mtundu osaoneka. Khomalo ndi lapulasitala, linapakidwa laimu kalekale. Penti ndi yafeki kapena vuto ndi ine?

YANKHO: Mphwanga, usafulumire kukayambana ndi wa hadiweya, penti ija mwina ilibe mlandu. Mlandu uli pa laimu. Pita ukapititse chikhatho pakhomapo uone, chikabwera choyera ngati wagwira ufa dziwa kuti supuleyi yakoyo ikukhala pafumbi osati pakhoma, ndipo ngakhale lero ioneke bho mvula yoyamba ikadzangogwa idzayamba kusendeka limodzi ndi laimuyo. Ndiye ntchito yoyamba si yojambula ayi, ndi yopala. Waya bulashi, sikirepa, madzi, upale mpaka pulasitala aoneke, mong'aluka umate, ndipo pomwe wamata ndi simenti yatsopano upasiye masabata anayi, simenti yaiwisi imadya penti. Pakauma upake andakoti (penti yoyambira) kapena PVA (penti yamadzi ya pakhoma) woyera makoti awiri ndi rola. Ndikudziwa zikubowa, iwe umafuna mawa lomweli anthu a m'minibasi azitembenuza makosi, koma palibe kuchitira mwina.

Chachiwiri chomwe achinyamata ambiri sachimva mukamaonera ma video a ku Johannesburg kapena New York pa foni: supuleyi si yodzazira khoma lonse. Kachitini ka 400 ml ukafuna mtundu ugwire bwinobwino sikadutsa masikweya mita awiri, nde khoma la mamita 4 mulitali ndi 3 kukwera ndi masikweya mita 12, werengera wekha zitini zake, mtundu umodzi wokhawo, alamu akowo adzakuthamangitsa golosale isanapange phindu. Thambo, phiri, nthaka, chitenje cha mayiyo, zonse zikuluzikulu upake PVA wamitundu ndi rola komanso bulashi. Supuleyi uisungire mizere, mithunzi ya pankhope, kuwala kwa pamphumi, utsi kapena nkhungu ija imakuta phiri la Dedza m'mawa, pamenepo ndi pomwe imaposa bulashi. Supuleyi pamwamba pa PVA wouma imagwira bwino, koma PVA pamwamba pa penti yonyezimira ya mafuta amaterereka, ndiye usasinthe ndondomeko.

Zolavulazo ndi Dedza weniweni. Mkati mwa chitini muli mpweya wopanikizidwa womwe umakankha penti, kukazizira mphamvu yake imatsika, penti imalimba, nde m'malo motuluka ngati utsi imatuluka madontho. Juni ndi Julayi ku Bembeke zala zimachita kukanika kumanga batani, chitini chagona pasimenti usiku wonse ukuyembekeza chani? Chiike mu beseni la madzi ofunda, ofunda chabe oti mwana n'kusambamo, kwa mphindi zingapo. Pambaula ayi, pamoto ayi, padzuwa la Okutobala pamwamba pa malata ayi, chimaphulika chimenechi. Ukatero uchikhutchumule mphindi ziwiri zathunthu kuyambira pomwe kampira kamkati kayamba kulira kuti gobedegobede, ambiri amangogwedeza katatu basi n'kumati penti ndi yamadzimadzi. Komanso usayambe mamawa khoma lili ndi mame, dikira dzuwa likwere cha m'ma 9 kapena 10 koloko, tsiku la chifunga ndi kamvula kowaza kaja ingopita kudimba. Ogasiti naye ali ndi mphepo yake, theka la penti limathera pa njinga za akabaza ataima pafupi, ndiye uziona komwe ikuwombera.

Kuyenderera kokha ndi dzanja lako, pepa. Wayandikitsa kwambiri kapena waima malo amodzi. Podzaza mtundu chitini chitalikire khoma masentimita 20 mpaka 30, ndipo dzanja liyambe kuyenda usanadinize, usiye kudiniza dzanja likadali kuyenda. Uziyendetsa mkono wonse kuchokera paphewa osati kupinda pamfundo ya dzanja ngati ukulemba ndi bolopeni. Makoti opyapyala awiri atatu, kulekeza pakati kuti iume, amaposa limodzi lonenepa. Mzere woonda umafuna uyandikire koma uthamange. Pomwe ukufuna m'mphepete mwakuthwa, monga mkombero wa dengu, gwira chidutswa cha katoni ndi dzanja linalo chitchinge. Ukamaliza tembenuza chitini chadodolido upopere mpaka kutuluke mpweya wokhawokha, kamutu kaja sikatsekeka, ndipo timitu ta zitini zotha usataye chifukwa timasiyana kukula kwa bowo, ena amatulutsa mzere waukulu ena waung'ono, ma dolo a ntchitoyi amayenda nato m'thumba.

Za kukuza chithunzi, usadalire diso, mayiyo adzatuluka mutu waukulu miyendo yaifupi anthu a pa Bembeke n'kumupatsa dzina. Lemba timabokosi ta masentimita 2 pa pepala lako, pakhoma mabokosi a masentimita 20 kapena 30 ndi choko ndi chingwe, kenako usamutse bokosi ndi bokosi. Yamba zakumbuyo, umalize zakutsogolo, mizere yakuda pomaliza penipeni. Uzitsika pamakwerero pafupipafupi n'kuwoloka msewu kukaonera kutali poti owonera ako ambiri adzakhala ali m'galimoto. Mmunsi mwa khoma momwe mumathovukira matope a mvula upakemo mtundu wakuda kapena wofiirira, nkhope kapena dzina la golosale usaike kumeneko. Mitundu yowala kwambiri ija ya fluorescent ndi yofiira ndiyo imayamba kufwifwa ndi dzuwa, ngati ndalama yatsalako vanishi woonekera mkati amathandiza. Ndipo alamu akowo ngati nyumbayo ndi ya lendi akauze eni ake kaye, mugwirizanenso kuti akabwera a makampani aja amapaka ma golosale mitundu yawo ulere sadzafufuta ntchito yako.

FUNSO: Ndine mphunzitsi kufupi ndi Linthipe. Ana a kalabu yathu ya zojambula akufuna kujambula gule wamkulu pakhoma la sukulu, ena akuti tikapoperenso pamiyala ya kuphiri monga ankachitira makolo. Mukuti bwanji?

YANKHO: Aphunzitsi, za kumiyalazo muwakanize lero lomwe. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula zapamiyala ndipo bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zija anajambula ndi Abatwa, omwe timawatchula kuti Akafula, zoyera ndi za Achewa, anapaka ndi dothi loyera, zambiri zokhudza chinamwali ndi nyau. Malo ngati Mphunzi, Namzeze ndi Chentcherere ndi otetezedwa ndi lamulo, ndipo supuleyi ikalowa m'mwala kuti muichotse mumachotsa ndi zakale zomwe, sizibwereranso. Kale maina a anthu olembedwa ndi makala ndi choko awonongapo zambiri. Atengeni anawo akaone ndi maso, akope m'makope mwawo abuluzi oyerawo, akabwera azijambule pakhoma lanu, khoma limenelo lidzakhala la Dedza kuposa zilembo zokhotakhota zokopera ku America.

Za gule, mutu wake ndi wabwino koma musayambe ndi penti, yambani ndi kwa amfumu ndi komiti ya sukulu. Pali zilombo zomwe eni dambwe sangakondwe kuziona pakhoma pomwe ana akusewera mpira, palinso makolo a mipingo ina omwe angabwere ku ofesi ya ahedi atakwiya. Akulu akuuzeni choti n'kujambula. Mukapeza thiransipoti pitani nawo ku Mua, ku malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni omwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, makoma a nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ali ndi zithunzi zofotokoza mbiri, ana adzaona okha mmene khoma limakambira nkhani. Koma ana a pulayimale muwapatse mabulashi ndi PVA, chitini chigwire wamkulu.

FUNSO: Mwana wanga amapopera zikwangwani ndi ma geti pa Ntcheu boma, madzulo amabwera mutu ukuwawa, m'mphuno muli mtundu wa penti. Akuti akamwa mkaka zimatha. Zoona? Mayi wodandaula.

YANKHO: Mayi, mkakawo umapita m'mimba, penti ikupita m'mapapo, sizikumana n'komwe. Mtundu m'mphunomo ukutanthauza kuti akuipuma tsiku lonse. Kamasiki kansalu kapena kabuluu ka nthawi ya Covid kamangogwirako timadontho, fungo la mankhwala lija limadutsa. Afunika masiki ya labala ya zosefera ziwiri m'mbali yopangidwira penti, zoseferazo azisintha akayamba kumva fungo mkati, avalenso magolovesi asiye kusamba m'manja ndi thinazi kapena petulo. Azipopera panja mphepo ili kumsana, osati m'kashopu kotseka, fodya ndi mbaula zikhale kutali, zitini zotha asaponye pamoto wa zinyalala. Mutuwo ukapitirira, kapena akayamba chizungulire ndi kubanika, apite kuchipatala ndipo akanene ntchito yomwe amagwira.