Kamera ya malemu bambo anu siinafe

Bambo wina wa ku Chitakale wanditumizira imelo. Wapeza Pentax K1000 ya malemu bambo ake m'sutikesi, waikamo filimu, koma zithunzi zatuluka ndi mizere yofiira. Akufunsa ngati aikonzetse kapena angogula Canon AE-1 yomwe wina akugulitsa ku Limbe.

Achimwene, musathamangire ku Limbe. Mizereyo ndi kuwala kolowera kuchitseko chakumbuyo. Tsegulani, mupise kamtengo kotokosera mano m'timipata ta m'mbalimo, muona tizinthu takuda tomata. Kanali kasiponji kotchinga kuwala, kanaola ndi ukalamba. Palani zonse, mumatemo kena. Ngakhale ulusi wakuda wolukira juzi umathandiza.

Makamera awiriwa onse anatuluka mu 1976, koma m'kati ndi osiyana. AE-1 imadalira batire la 6V. Likatha, shutter (kachitseko kolowetsa kuwala pa filimu) siitseguka n'komwe, ndipo zamagetsi zake zikapsa wozikonza ndi wosowa. K1000 imayendera masipuling'i ndi timagiya basi. Kabatire kake ka LR44 n'kongoyendetsa kasingano koyeza kuwala, kotero mungajambule pa Sapitwa popanda batire. Inapangidwa mpaka 1997, zipangizo zake sizivuta kwenikweni.

Yoiposa kulimba ilipo, Nikon FM2 ya 1982, ya shutter yachitsulo yothamanga mpaka 1/4000 ya sekondi, koma mtengo wake ndi wowawa. Olympus OM-1 ya 1972 ndi yopepuka, ndimaikonda, kungoti siponji ya pamwamba pa prism (galasi la m'kati loonetsa chithunzi mukasuzumira) ikaola imadya galasilo, ndipo batire lake la mercury analeka kupanga.

Chondidetsa nkhawa ine si mizereyo ayi, ndi sutikesiyo. Kuno kwathu kamera imafa ndi chinyontho. Dzinja mvula, June ndi July chiperoni, zovala osauma pachingwe, ndiye kamera ili m'kachikwama kachikopa kuseri kwa bedi! Chotsani lenzi, muiunike ndi tochi ya foni chapambali. Mukaona tiulusi toyera ngati ta kangaude, chimenecho ndi chuku, ndipo chikakhalitsa chimadya galasi moti kupukuta sikuthandizanso. Chikopacho chichotseni lero lomwe. Kamera muziisunga m'kontena yotseka bwino, muponyemo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Ikaninso shutter pa 1 sekondi, mudine, mumvetsere. Ikamakoka nthawi kapena kukakamira, mafuta akale auma. Chonde musadonthezeremo mafuta a makina osokera, amafalikira mpaka pansalu ya shutter. Yambani mwaiwaindira n'kudina kambirimbiri mulibe filimu. Ikakanabe, ndiye kwa mmisiri.