Yankho: chifukwa chake foni imakwera mtengo mukawoloka Songwe

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mayunitsi amatha msanga mukangowoloka pa Songwe kupita ku Mbeya kukaoda katundu, chonsecho maiko athu ndi oyandikana. Nkhani yagona pa malamulo. Dziko lililonse lili ndi bungwe lake loyang'anira za mafoni, kuno ndi MACRA, ku Tanzania ndi TCRA. Mukaimba muli uko, simukhadi yanu imakhala mlendo pa netiweki ya eni ake. Kampani ya kumeneko imalipiritsa kampani yathu, yathu nkuikapo phindu lake, boma nalo msonkho. Zonsezo zimathera m'thumba mwanu.

Nchifukwa chake mabungwe amenewa m'chigawo cha SADC ali ndi mgwirizano wotchedwa CRASA, likulu lake lili ku Gaborone. Amakambirana zoti mitengo ya roaming, kutanthauza kugwiritsa ntchito simukhadi yanu muli m'dziko lina, itsike komanso kagawidwe ka mafunde a wailesi, kuti nsanja za mafoni za ku Karonga zisamasokonezane ndi za ku Kyela, ku Tanzania. Koma CRASA sikakamiza dziko lililonse, imangolangiza, ndiye zinthu zimayenda mwa kamba.

Anzathu a Kenya, Uganda ndi Rwanda adayesa ndi mgwirizano wawo wotchedwa One Network Area, mitengo yoimbira pakati pawo idatsikadi. Ife tilibe nyanja yamchere, intaneti yathu imabwera pa zingwe zodzera ku Tanzania ndi Mozambique, choncho mgwirizano wotere tikuufuna kwambiri.

Pakadali pano, mukanyamuka pa Mzuzu musaiwale pasipoti. Mukafika uko gulani simukhadi ya konko, mulembetse, muziimba pa WhatsApp.