Kachubu ka pachifuwa pambuyo polandira impso: yankho kwa mayi a ku Katete

Mayi ena a ku Katete andilembera pa imelo kuti amuna awo anaikidwa impso ina ku India, koma abwerako kachubu kotsukira magazi kadakali pachifuwa chifukwa impsoyo inachedwa kuyamba kugwira ntchito. Akufunsa mmene angawasamalire kuti pamalopo pasalowe matenda.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Kachubuko kamalowa mumtsempha waukulu mpaka pafupi ndi mtima, choncho tizilombo tikapeza mpata timafika m'magazi mosavuta. Komanso mankhwala monga tacrolimus, mycophenolate ndi prednisolone, amene amaletsa thupi kukana impso, amafooketsa chitetezo, moti kachilombo kamene inu simungadwale nako kangathe kuwagoneka bambowo m'chipatala.

Ntchito yanu yaikulu ndi kuonetsetsa kuti bandeji ndi youma. Asadzithire madzi kuchokera kumutu monga tinazolowera ndi chidebe kubafa, koma azipukuta chifuwa ndi kansalu, kulambalala bandejiyo. M'nyengo yotentha thukuta limamatula m'mphepete mwake, ndipo ikatero kapena ikanyowa, musaimate nokha, apite anamwino akaisinthe. Tizivindikiro ta kumapeto kwa kachubu musatsegule ngakhale pang'ono, ndipo pamalopo pasapakidwe Vaseline kapena mankhwala azitsamba. Sambani m'manja ndi sopo musanawathandize kuvala malaya.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chathu kuno kum'mawa, choti thupi likatentha timangoti ndi malungo, n'kugula Panado pakantemba. Panado amatsitsa kutenthako pamene tizilombo tikuswana m'magazi, ndipo Brufen ndiye amapweteka impso yomwe munaivutikirayo. Gulani choyezera kutentha kwa thupi. Chikafika pa madigiri 38, kapena akayamba kunjenjemera, kapena mukaona mafinya ndi kutupa pamene kachubu katulukira, tengani mapepala onse a ku India mupite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku St Francis komweko kapena ku Chipata Central Hospital. Prednisolone amatha kubisa kutentha, choncho kufooka kwadzidzidzi nakonso musakunyozere.

Ulendo uliwonse wokaonana ndi dokotala wa impso, funsani mwaulemu ngati kachubuko kadakafunikabe, pakuti ngozi imakula ndi masiku amene kakhala m'thupi. Ngati impso yayamba kutulutsa mkodzo bwino ndipo zoyeza za creatinine (zoyeza magazi zosonyeza mmene impso ikugwirira ntchito) zakhazikika, pemphani akuuzeni tsiku loti kachotsedwe.