Kodi ECW inali ya WWE kuyambira pachiyambi?

Funso: Akulu tandimasulani, ine wrestling ndimaonera heve ndiye nthawi zina Paul Heyman akagwira maiki anthu amakuwa "ECW! ECW!" Mnzanga akuti inali kampani yapayokha, ine ndikuti inali pulogalamu ya WWE basi. Wolondola ndani? – Wowerenga wathu

Yankho: Achimwene apa mnzanuyo wakudyani, ngakhale nanunso simunaname kwenikweni. ECW inayamba mu 1992 ku Philadelphia, America, mwini wake Tod Gordon, ndipo nthawi imeneyo kankatchedwa Eastern Championship Wrestling, kakampani ka m'dera chabe komwe kanadzakhala pansi pa NWA, bungwe lophatikiza makampani osiyanasiyana a wrestling. Heyman anabwera mu 1993 n'kuyamba kukonza nkhani zake komanso woti awine (eya, zimachita kukonzedwa, musakhumudwe).

Zinthu zinatembenuka mu August 1994. Shane Douglas atawina lamba wa NWA anangomuponya pansi anthu akuona, n'kunena kuti lamba amene akumuwerengera iyeyo ndi wa ECW. Pasanathe masiku kampani inachoka mu NWA, Eastern uja n'kusanduka Extreme.

Ndiye kunali misala. Holo yawo ECW Arena inali nyumba yakale yosungiramo katundu yomwe ankaseweramonso bingo, masapota ankabwera ndi ziwaya zakunyumba n'kumapatsira omenyanawo kuti aswane nazo mitu, Sabu kuthyola matebulo, Sandman kulowa kudzera pakati pa anthu mowa uli kumanja. Koma ine chimandinyansa n'choti anthu amangokumbukira magazi okhaokha, pomwe Eddie Guerrero, Rey Mysterio ndi Chris Jericho, anthu odziwa ntchito, anadzera momwemo asanatchuke. Ngakhale Steve Austin anakhalako pang'ono mu 1995.

Chinawapha ndi dola. Aliyense akangotchuka kampani yaikulu ya WCW kapena WWF (dzina lakale la WWE) inkamutenga poti inkalipira bwino. Pay-per-view (masewera oonera pa TV utalipira) yawo yoyamba, Barely Legal, inachitika mu 1997, mu 1999 anapeza mwayi pa kanema wa TNN koma chaka chotsatira TNN yomweyo inatenga Raw, pulogalamu ya WWF, n'kuwataya, apa n'kuti anyamata ena akugwira ntchito osalandira malipiro. Mu 2001 kampani inagwa ndi ngongole.

WWE inagula dzina ndi mavidiyo ake mu 2003, kenako inaidzutsa ngati pulogalamu yake kuyambira 2006 mpaka 2010. Imeneyo ndi yomwe mukuidziwa inuyo, ndipo masapota akale ambiri sankafuna n'kuimva komwe.