Akakuuzani kuti zomwe mumaonera ndi lowbrow, wakunyozani kapena?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mchemwali wina amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku England. Akuti nthawi ya buleki amakonda kuonera mafilimu a ku Nigeria pa foni, nde tsiku lina mzungu wina wa kuntchito kwawo anasuzumira nkunena akuseka kuti "ooh, that's a bit lowbrow". Iwo anangoseka nawo kuti zithe, koma mpaka lero zikuwasautsa mumtima. Akufunsa kuti mawuwa akutanthauza chani, wawanyoza kapena ayi, ndipo kodi ndi chimodzimodzi kuwanena kuti ndi achimidzi?

Achemwali, kunyoza kulimo ndithu, koma ndi kaja kunyoza kopepuka kamene anthu akumeneko amaponyerana akumwa tiyi. Lowbrow amanena zinthu zosangalatsa zomwe sizifuna kuti mutu ugwire ntchito kwambiri: nthabwala zakuti wina waterereka nkugwa chagada, mapulogalamu aja amatsekera anthu m'nyumba imodzi kuti tizionera akukangana, ndewu zopanga za WWE, manyuzipepala amiseche ya anthu otchuka. Zosiyana nazo ndi highbrow, zija za anthu odzimva kuti ndi ozama, monga opera (zisudzo za Azungu zoti mawu onse amachita kuimba), ndakatulo zoti uwerenge katatu usanamve, kapena filimu yoti munthu akungoyang'ana pawindo maminitsi 10 osayankhula. Katchulidwe musaphonye, brow wakeyo akumveka ngati "brau", osati "bro" ngati mukuitana mnzanu.

Pa funso la chimidzi ndinaganizapo kwambiri ndipo ndikuti ayi, si chimodzi. Kwathu tikati munthu ndi wachimidzi timakhala tikunena kuti sadziwa za m'tauni, akuopa kukwera lifiti, wavala suti ndi masilipasi, za komwe wachokera. Lowbrow alibe nazo ntchito zakomwe unabadwira. Munthu atha kubadwira pakati pa London, galimoto zitatu pakhomo, koma ngati zomwe amaonera ndi zongosekesa basi, amunenabe choncho. Komabe pali pomwe mawu awiriwa amakumana, onse amatuluka pakamwa pa munthu amene wadziika pamwamba kaye.

Tsono komwe mawuwa anachokera ndi kumene kumandipweteka ine. Ambiri amaganiza kuti brow ndi nsidze, kuti mwina akunena za munthu wokweza nsidze monyada. Iyayi, apa ndi chipumi. Kunali dokotala wina wa ku Germany dzina lake Franz Joseph Gall, anabadwa mu 1758 nkumwalira mu 1828, amene ankaphunzitsa ku Vienna, m'dziko la Austria, kuti ubongo uli ndi zigawo 27, chilichonse ndi khalidwe lake, ndipo ukapapasa chigaza cha munthu utha kudziwa ngati ndi wanzeru, wakuba kapena wokonda ana. Zimenezi zinadzatchedwa phrenology, zinatchuka heve ku Britain ndi ku America m'zaka za m'ma 1800, anthu kumalipira ndalama kuti awapapase mutu. Mwa zomwe ankakhulupirira nzakuti wa chipumi chachitali ndi wanzeru, wa chipumi chachifupi chopendekera kumbuyo ndi mbuli. Ndipo simufunika kulosera kuti pa zojambula zawo zija ndani ankamuika pamwamba ndipo ndani pansi, azungu a kumpoto kwa Ulaya pamwamba, ife akuda pansi penipeni, ndipo zinkathandiza kulungamitsa ukapolo ndi utsamunda. Sayansi inazitaya kalekale zimenezi, nzabodza basi, koma mawu aja anatsala. Chondiseketsa nchakuti ife mphumi timaiona mosiyana, tikati uyu ndi wamphumi ndiye kuti ndi wamwayi, za nzeru sizilowapo.

Sikuti mzungu wanuyo amadziwa zonsezi, ndikukaika. Anthu ambiri olankhula Chingerezi akamati lowbrow saganizako za chigaza, nde musapite kuntchito mawa mutakwiya kuti wakunenani za khungu. Ndangofuna mudziwe kuti makwerero amene wakuikanipo anamangidwa pa mchenga.

Mawu oti highbrow anafala ku America cha m'ma 1902 kudzera mwa mtolankhani wa ku New York, Will Irwin, ndipo lowbrow anatsatira pompo m'zaka zomwezo. Kenako mu 1925 magazini ya nthabwala ya ku Britain yotchedwa Punch inaseka BBC kuti yatulukira mtundu wina wa anthu, middlebrow, apakatikati, amene akuyembekeza kuti tsiku lina adzazolowera zinthu zomwe akuyenera kuzikonda. Ndipo apa mpomwe pali nkhani yokoma. Mlembi Virginia Woolf, amene anali highbrow weniweni ndipo sankabisa, analemba kalata mu 1932 yomwe sanaitumize, inadzatuluka atamwalira, momwe ananena kuti a lowbrow amawalemekeza chifukwa ndi anthu amoyo, amachita zinthu ndi mtima wonse. Amene ankamunyansa ndi apakati aja, ogula mabuku oti azikongoletsa pabalaza osawawerenga, mpaka anati wina akadzayerekeza kumutchula middlebrow adzamubaya ndi cholembera. Tonse tikuwadziwa anthu oterewa eti, nyimbo za m'minibasi amazinyoza pagulu koma akakhala okha mwendo ukugwedera.

Chimene chimandichititsa kuti mawuwa ndisamawatenge mozama ndi choti makwerero ake sakhazikika. Tengani Shakespeare, yemwe uja anatizunza ku sekondale. Lero ndiye nsonga ya highbrow, koma nthawi yake ku Globe, nyumba ya zisudzo imene inamangidwa mu 1599, anthu wamba ankalipira peni imodzi nkuimirira pabwalo, akumwa mowa, akukuwiza osewera, ndipo m'masewero akewo nthabwala zolaula zilimo zambirimbiri zomwe aphunzitsi athu ankazidumpha mwadala kaya osaziona. Ku America nako Shakespeare anali wa aliyense. Pa 10 May 1849 ku New York kunabuka chipolowe pa nyumba ya zisudzo ya Astor Place chifukwa anthu wamba ankachemerera wosewera wawo Edwin Forrest pomwe olemera ankakonda William Macready wa ku England, nkhani yake yoti ndani amasewera bwino Macbeth, sewero la Shakespeare, asilikali anawombera, anthu oposa 20 anafa. Tangoganizani, anthu kufera Shakespeare ngati ndi mpira wa Bullets ndi Wanderers. Jazi nayenso anayambira m'malo ovinira a ku New Orleans, akuluakulu akumuti ndi phokoso la zidakwa, lero anthu amamumvera atavala mataye. Rap ankati si nyimbo nkomwe, koma mu 2018 Kendrick Lamar analandira mphoto ya Pulitzer ya nyimbo imene kale inkangopita kwa a classical ndi a jazi. Ngakhale Gule Wamkulu wathuyu, amishoni ankamuti nzachikunja zoyenera kutha, UNESCO inadzamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Nde mafilimu anuwo musawachitire manyazi, ku mayunivesite kuli kale anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza za Nollywood, mafilimu omwewo a ku Nigeria, malipiro nkumalandira.

Enanso anangowatenga mawuwa nkuwavala ngati mendulo. Ku California kuli ojambula amene zithunzi zawo zimachokera ku makatuni, ma tattoo ndi magalimoto, nyumba zazikulu zoonetsera zithunzi zinkawakana, iwo nkuti chabwino, ife ndife a lowbrow art. Robert Williams ndiye amatchulidwa kwambiri pa zimenezi, ndipo mu 1994 iye ndi anzake anayambitsa magazini ya Juxtapoz yomwe inadzatchuka koopsa.

Kagwiritsidwe kake tsopano, poti mwina mufuna muziwaponyako nanunso. Nthawi zambiri amakhala kutsogolo kwa chinthu: lowbrow comedy, lowbrow humour, lowbrow TV. Ena amalemba ndi kamzere pakati, low-brow, zonse nzololedwa. Kunena chinthu palibe vuto kwenikweni, ndipo kudzinena wekha ndiye kumamveka bwino zedi, munthu akati "my taste is very lowbrow" akutanthauza kuti ine ndimakonda zanga zopepuka ndipo sindipepesa kwa aliyense. Koma kuloza munthu nkumuti "you're lowbrow" kapena "he's a lowbrow", apo ndiye mwatukwana, mwamuti ndi wosaganiza, musayerekeze kwa abwana kapena kwa agogo amene mukuwasamalirawo. Dziwaninso kuti highbrow si chiyamikiro nthawi zonse, wina akati "that's too highbrow for me" kawirikawiri akukuuzani mwaulemu kuti nzotopetsa ndipo muli ndi matama.

Musawasokonezenso ndi achibale ake. Tacky ndi za maonekedwe, zinthu zonyezimira mopitirira koma zooneka zotchipa, ngati sofa yagolide yosachotsa pulasitiki. Philistine ndi Afilisiti omwe aja a m'Baibulo, a kwa Goliati, koma m'Chingerezi akutanthauza munthu amene za luso alibe nazo ntchito nkomwe, kwa iye ndakatulo ndi kutaya nthawi chifukwa sizibweretsa ndalama. Wa lowbrow amakonda china chake, kungoti ena akuchiona chotsika, pomwe philistine sakonda chilichonse. Kwa ine limeneli ndiye lopweteka kuposa onse.

Nde za mnzanu wa kuntchito uja, mmene mwafotokozera, wanena filimu osati inuyo, waikanso "a bit" kutsogolo, komanso amaseka. Kumeneko nthawi zambiri ndi macheza, ngakhale ndivomereze kuti anthu akumeneko amadziwa kubisa singano mu nthabwala, nde muone ngati akubwereza ndi nkhope ina. Akadzanenanso mungomuyankha kuti "proudly" mukumwetulira, kenako mumufunse zomwe iye amaonera Loweruka madzulo akaweruka. Ndikubetcha chakudya changa chamasana kuti si opera.