Kwa achimwene a ku Rosettenville, pa nkhani ya shedi ndi galaja

Achimwene, funso lanu ndaliona usiku nditaweruka, ndiye ndati ndiyankhe mofatsa chifukwa zomangamangazi ndi zimene ndimadyera kuno ku Joni. Mwati mwagula nyumba ku Rosettenville, mukufuna kashedi kuseri kosungiramo zipangizo, komanso mukulitse galaja kuti muzilowa magalimoto awiri, ndipo mukufunsa ngati mungangoitana anyamata Loweruka n'kuyamba kukumba. Chonde musakumbe kaye. Ntchito ziwirizi mwazimanga mtolo umodzi koma si zofanana. Shedi ndi kanthu kochepa, pamene galaja ndi mbali ya nyumba yeniyeniyo.

Ndiyambe ndi zimene zinandionekera ineyo. Ndili watsopano kuno, bambo wina anandipatsa ntchito yomanga kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa nyumba yake, chogundiza kumpanda. Ndinayeza ngati mmene timachitira kwathu, chingwe ndi zikhomo, n'kuthira konkire wokongola zedi. Pakona panali kachivundikiro kachitsulo kokwiririka ndi dothi, ndipo mwini nyumba anati n'kakalekale, kalibe ntchito, ndithirepo basi. Patapita miyezi ingapo suweji inatsekeka, zoipa zinayamba kubwerera m'bafa mwake ndi mwa aneba. Obwera kudzakonza anafufuza mpaka anapeza kuti polowera paipiyo pali pansi pa konkire wanga uja. Ndinaitanidwa kudzaswa ndekha ntchito ya manja anga, fungo lili guu, madzi akuda akutumphuka m'ming'alu, mayi wa pakhomopo ataima potero atatseka mphuno ndi mpango. Kuyambira tsiku limenelo sindigwira fosholo ndisanaone mapepala a nyumba ndi kumene mapaipi adutsa.

Ndiye inu tengani title deed yanu, chikalata cha umwini wa nyumba, muiwerenge bwinobwino. Mapuloti ambiri kuno ali ndi chimene amachitcha servitude, kamzere ka mamita awiri m'mbali mwa mpanda kamene khonsolo inasungira mapaipi a suweji ndi zina. Malowo ndi anu koma simungamangepo mwachisawawa, ndipo tsoka lake ndi pomwepo pamene aliyense amafuna kuika shedi kuti bwalo lisachepe. Palinso building line, mtunda umene muyenera kusiya kuchokera kumsewu ndi m'malire, komanso malire a kukula kwa malo amene mungafolere pa puloti yonse. Zimenezi zili mu Land Use Scheme ya mzinda wa Johannesburg ya 2018, ndipo zimatengera zoning, kutanthauza ntchito imene khonsolo inaloleza pa puloti yanu. Ngati galaja yatsopano idumpha mzerewo mumapempha khonsolo kuti ikufewetsereni, ndipo apa aneba amafunsidwa maganizo. Choncho yambani kupereka moni kwa aneba panopa.

Za shedi n'zosavuta. Lamulo la zomangamanga la dziko lino, la nambala 103 la mu 1977, limaika shedi yosungiramo zipangizo yosapitirira masikweya mita 10 m'gulu la ntchito zing'onozing'ono. Imeneyo ndi ngati mamita atatu uku, atatu uku. Ambiri amamva ngati ndiye kuti palibe chopempha, koma si choncho. Chimene angakukhululukireni ndi pulani yonse ija yojambulitsa, koma chilolezo cholembedwa chochokera ku ofesi yoona zomanga ku khonsolo chimafunikabe. Kaya ndi ya njerwa, ya malata kapena wendy house yogula yopangiratu, iikeni pa konkire wa mamilimita 75 mpaka 100, pansi pake mutayala pulasitiki, ndipo akwere pamwamba pa nthaka kuti madzi asalowe. Wendy house ya matabwa yongokhazika padothi imaola kunsi, chiswenso sichichedwa.

Koma ndikufunseni chilungamo, achimwene, poti tonse tikudziwa mmene timakhalira kuno. Kodi shediyi ndi ya zipangizo zoona, kapena mumtima muli maganizo oti mawa mugonemo m'bale wochokera kumudzi kapena wa lendi? Ngati ndi choncho nenani poyamba, mujambulitse ngati chipinda chogona, chokhala ndi mawindo okwanira, denga lotalika bwino ndi magetsi olowetsedwa mwadongosolo. Ndaona abale athu akugona m'tizipinda ta malata topanda windo, mu Juni kuzizira kwa kuno atayatsa mbaula mkati chitseko chili chotseka. Utsi wa makala umapha munthu ali m'tulo. Chonde tisamaike anzathu m'malo otere.

Tsopano galaja. Apa pulani ndi yosathawika, ndipo wojambula akhale wolembetsedwa ku SACAP, bungwe loyang'anira ojambula mapulani a nyumba, apo ayi khonsolo siilandira. Woisainira ndi mwini nyumba, ndiye enanu amene mukuwerenga muli pa lendi, musawononge ndalama zanu pa khoma la landilodi popanda pangano lolemba. Lamulo limati pulani ya nyumba yochepera masikweya mita 500 iyankhidwe m'masiku 30, koma konzekerani kudikira kuposa apo. Ikavomerezedwa muyambe ntchito chisanathe chaka, kupanda kutero imatha mphamvu. Chinanso chokhudza inuyo kwambiri: nyumba zambiri za ku Rosettenville, Turffontein, Malvern ndi Bez Valley n'zakale, ndipo nyumba iliyonse yopitirira zaka 60 siigumulidwa kapena kusinthidwa popanda chilolezo cha bungwe loona za zinthu zakale la chigawo cha Gauteng. Fufuzani chaka chimene yanuyo inamangidwa musanagwetse khoma lililonse.

Ndikudziwa mukuti zachuluka, aneba anu anamanga popanda zonsezi. Inde, ambiri amatero. Koma khonsolo ili ndi mphamvu yopita kukhoti kuti chomangidwacho chigwetsedwe, a inshuwalansi akhoza kukana kulipira moto ukabuka, ndipo tsiku lodzagulitsa nyumba kuti mubwerere kumudzi wogula adzafuna pulani yofanana ndi zimene zili pabwalo. Ifenso ndife alendo m'dziko muno, munthu mmodzi wokwiya akakanena, nkhani imakula msanga. Safunsa anadya phula.

Yang'ananinso denga la galaja yakaleyo. Ngati ndi mapepala otuwa aja okhala ngati simenti, okhuthala, mwina ndi asbestos. Dziko lino linaletsa asbestos mu 2008 chifukwa fumbi lake limawononga mapapo, ndipo matendawo amadzaonekera patapita zaka zambiri. Musalole mnyamata aliyense akwerepo ndi grinder. Pali makampani ololedwa kuchotsa zimenezo, ndipo ndalama yake ilowe mu bajeti kuyambira pachiyambi.

Pa kamangidwe, galaja ya magalimoto awiri imafuna pafupifupi mamita 6 uku ndi uku mkati mwake. Mukaichepetsa mudzatsegula chitseko cha galimoto n'kumenyetsa kukhoma tsiku lililonse. Chitseko cha galaja cha galimoto imodzi chimakhala mamita 2.44 m'lifupi, cha awiri 4.88. Ineyo ndimakonda zitseko ziwiri zazing'ono ndi chipilala pakati, chifukwa mpata wa mamita pafupifupi asanu sufuna lintala wamba, umafuna chitsulo kapena bimu yowerengedwa ndi injiniya. Khoma limene mukufuna kugwetsa kuti galaja ikule likhoza kukhala lomwe lanyamula denga, ndiye lisagwe musanachirikize mitengo ya denga. Pokumana khoma latsopano ndi lakale ndi pamene pamang'ambika, poti lakalelo linakhazikika kalekale pamene latsopano likukhalabe pansi. Mmisiri wodziwa amasiya kampata kowongoka pamenepo, kumangirira ndi tizitsulo, n'kutseka ndi zofewa, osati kungopaka pulasitala. Asaiwale brickforce, waya wolimbitsa khoma, m'mizere ya njerwa, ndi DPC, pulasitiki yotchinga chinyontho, yokwera mamilimita 150 pamwamba pa nthaka. Ngati pali chitseko chochoka m'galaja kulowa m'nyumba, chikhale cholimbana ndi moto komanso chodzitseka chokha. Magetsi akokedwe ndi munthu wolembetsedwa amene angakupatseni CoC, chikalata chotsimikiza kuti magetsi akokedwa motsatira malamulo.

Maziko akakumbidwa musathire konkire woyendera wa khonsolo asanaone ngalandezo. Anzathu a ku Lenasia ndi Protea Glen samalani koposa, kumeneko kuli mwala wa dolomite umene umasungunuka ndi madzi pansi mpaka nthaka kutitimira, ndiye madzi a padenga asamangothira pafupi ndi maziko.

Nyengo yabwino yomangira ndi yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Kuyambira Okutobala mvula ya kuno imabwera madzulo mwadzidzidzi, ndi mphenzi ndi matalala, ngalande zimadzaza ola limodzi. Kungoti mu Juni ndi Julaye musathire konkire m'mamawa chisanu chili mbuu, dikirani dzuwa likwere, madzulo mum'funditse, ndipo muzimuthirira madzi kwa sabata. Malata gulani a mtundu wa IBR okhuthala bwino, opepuka aja matalala amawasiya ngati mbale yakale. Simenti musagule yonse pakamodzi, imauma m'matumba. Njerwa ndi mchenga funsani mitengo malo angapo, ku Cashbuild, ku Builders ndi kwa ogulitsa a m'dera lanu, mtengo wa thiransipoti uli momwemo. Zigumukire musataye m'bini ya Pikitup, kampani ya khonsolo yotola zinyalala, kapena pakona pa msewu, itanitsani skip, chibini chachikulu chimene amadzachinyamula ndi lole. Mmisiri muzimulipira m'magawo, maziko akatha, khoma likafika pa lintala, denga likakwera, ngakhale atakhala wakwanu.

Maganizo anga enieni ndi awa. Ngati cholinga ndi kungoteteza galimoto yachiwiri ku dzuwa ndi matalala, siyani galaja mmene ilili, muike carport, denga loimikapo galimoto, pambali pake. Yotsegula m'mbali yosapitirira masikweya mita 40 nayonso ili m'gulu la ntchito zing'onozing'ono lija, mtengo wake ndi wotsika kwambiri, ndipo simukhudza khoma lonyamula denga. Galaja ikulitseni pokhapokha ngati mukufunadi potsekera ndi loko, kapena pogwirira ntchito.

Loweruka limene munafuna kukumbali, tengani fosholo mupalepale kuseriko mpaka mupeze zivundikiro zonse za suweji. Mukokere chingwe kuchokera pa china kufika pa chinzake kuti muone mmene paipi yayendera, muyeze kuchokera kumpanda, kenako mujambule chithunzi mutiponyere muno tione pamene shediyo ingakhale.