Funsani a Mlangizi: Zikhomo za ku Laxton ndi mizere iwiri ya ku Santhe

Zikomo a Mlangizi. Ndine mayi wamasiye, ndimalima ku Santhe kuno ku Kasungu. Chaka chino pogalauza, alamu anga alowa mizere iwiri m'munda mwanga, mpaka azula khonje amene malemu amuna anga anabzala m'malire. Mwana wa achemwali anga, amene ali pasukulu ku Lilongwe, akuti kukanganirana mizere ndi umbuli, kwa azungu kulibe midzi ngakhale milandu yotere, konse ndi tauni. Ndinamva kuti inu munakafikako ku England. Kodi akunena zoona? — Mayi wa ku Santhe

Mayi, pepani ndi za khonjeyo. Mwanayo musamukalipire. England amene akumudziwa ndi wa pakanema wa mpira, ndipo inenso ndisanapiteko ndinkayesa kuti dziko lonselo anangothira simenti.

Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Nottingham. Nditakamuchezera, anaona kuti za m'masitolo sizikundigwira mtima, ndiye Loweruka lina anangoti, "Ababa, valani jekete, ndikakuonetseni alimi anzanu." Ola lisanakwane tinali titafika pamudzi wotchedwa Laxton. Chinandilandira ndi fungo la manyowa, ndipo mtima unakhala pansi. Nyumba za njerwa zofiira zandandalika m'mbali mwa msewu, iliyonse ndi khola lake, shedi ya thirakitala, ndi kamunda kakatali kuseri. Minda yeniyeni ili kunja kwa mudzi, monga mmene zilili kwathu kuno: mumagona pamodzi, m'mawa aliyense n'kulunjika kwake.

Mudziwu si wa dzana. Unalembedwa kale m'kaundula wa malo ndi chuma amene mfumu William inalamula mu 1086, uja amamutcha Domesday. Koma chimene anthu amaupitira ndi kalimidwe kake. Pali minda itatu ikuluikulu, Mill Field, West Field ndi South Field, yopanda mpanda m'kati mwake. Munda uliwonse anaugawa m'zigawo zazitali zopyapyala, ndipo mlimi mmodzi amakhala ndi chigawo apa, china uko, china kutsidya, kuti pasapezeke wotenga nthaka yabwino yokhayokha mnzake n'kutsala ndi lowe. Kasinthasintha wa mbewu amene tinkalalikira ife alangizi mpaka mawu kusasa, iwo ndi lamulo la mudzi: munda umodzi tirigu, wachiwiri mbewu ina monga balere, wachitatu ugonere. Chaka chamawa asinthana. Masiku ano pa wogonerawo amaloledwa kufesapo udzu wa ziweto.

Ndipatuke pang'ono. Ekala imene timayezera fodya ndi chimanga inabadwira m'minda yotereyi. Inali malo amene ng'ombe zapagoli zinkatha kulima tsiku limodzi, mayadi 220 m'litali ndi 22 m'lifupi. Ankaitalikitsa dala chifukwa kutembenuza pulawo yolemera ya ng'ombe zambiri inali ntchito. Zaka zonse zija ndikupima minda ya anthu ku Chamama ndi ku Chulu, sindinkadziwa kuti ndikuwerenga kutopa kwa ng'ombe za ku England.

Tsopano pa funso lanu. Pamene palibe mpanda, mayi, pulawo imaba, kaya ndi ya mzungu kaya ya alamu anu. A ku Laxton anazindikira zimenezi kalekale. Chaka chilichonse kumapeto kwa Novembala, alimi 12 olumbiritsidwa pamodzi ndi wowatsogolera amakwera ngolo ya thirakitala atanyamula mitolo ya zikhomo zamitengo ndi nyundo. Amapita kumunda umene wangofesedwa tirigu, n'kuyenda malire onse, kukhoma zikhomo zatsopano pamene zakale zawola kapena zasowa. Wolima mopyola amulemba. Wosiya dothi m'njira ya anthu onse osalibwezera m'munda mwake amulembanso. Pakatha sabata, bwalo lotchedwa Court Leet limakhala pansi n'kugamula chindapusa. Bwalolo limakumana m'nyumba yomweramo mowa ya pamudzipo, Dovecote Inn (izi musakawauze a nyakwawa anu). Ndipo si sewero la alendo ayi. Mu 1977, boma litachotsa mphamvu za mabwalo akale ambiri otere, la ku Laxton analisiyira zake.

Tsiku la bwalo sindinalipeze, koma zikhomozo ndinaziona ndi maso anga. Tinatsata kanjira kolowa mu Mill Field, mphepo ikulasa m'makutu, dothi lofiira lamakande litakakamira kunsapato mpaka phazi kulemera ngati ndamanga njerwa. Ndinagwada pa chikhomo chimodzi. Kamtengo wamba, kosafika ndi m'bondo momwe, kumutu kotaphwanyika ndi nyundo. Mbali ino tirigu, mbali iyo udzu. Udzuwo ndi wa malo amene iwo amati sykes, tingoti madambo a mudzi, amene saloledwa kulimidwa, ndipo udzu wake amaugulitsa pa okushoni chaka ndi chaka. Pamudzi palinso kakhola kakale ka njerwa kotsekeramo ziweto zosokera, mwini wake ankaziwombola ndi ndalama. Nditakaona ndinaseka ndekha, ndinakumbuka mbuzi za ku Chamama nthawi ya dzinja.

Mwana wa achemwali anu ali ndi kachoonadi kamodzi. Laxton watsala yekha ndi dongosolo lonseli. Pafupifupi midzi ina yonse minda yake inatchingidwa ndi mipanda, yambiri ya zitsamba, ndipo ndi imeneyo mumaiona yokongola pamakalendala. Koma kukongolako kuli ndi misozi yake. Pakati pa 1604 ndi 1914 nyumba ya malamulo ya kumeneko inakhazikitsa malamulo oposa 5,000 otchinga malo, ochuluka mwa iwo pakati pa 1750 ndi 1850. Minda ya mudzi ndi msipu wa onse zinagawidwa, wamkulu n'kutenga chachikulu. Wosauka amene ankadalira kudyetsa ng'ombe imodzi padambo la onse anatsala manja ali m'khosi, ambiri n'kusanduka aganyu kapena kuthawira m'mafakitale. Ife a ku Kasungu amene tinaona maesiteti a fodya akutsegulidwa pamalo a makolo m'zaka za m'ma 1970, nkhani imeneyi sitifunika wotimasulira.

Komanso alimi a ku Laxton si eni nthaka. Amalipira lendi. Mudziwo unali wa banja la Earl Manvers la ku Thoresby, mu 1952 unagulidwa ndi unduna wa zamalimidwe, mu 1981 unapita kwa a Crown Estate, bungwe loyang'anira malo a ufumu wa kumeneko, ndipo mu 2020 unabwereranso kwa a Thoresby. Pamenepo inu mwawaposa, munda wanu simulipira lendi kwa munthu.

Za alamu anuwo, musadikire kuti chimanga chimere, chifukwa mlandu wa mbewu yomera umavuta kuposa wa mzere wouma. Pitani kwa a nyakwawa sabata ino. Tengani akuluakulu awiri kapena atatu amene anaona khonje uja akubzalidwa, a kuchimuna akhalepo, a kwanu akhaleponso. Mukayende malirewo ndi miyendo, osati kukambira pakhonde. Mukagwirizana, bzalani khonje kapena vetiva tsiku lomwelo anthu akuona, ndipo wina alembe m'kope mayina a mboni ndi tsiku. A ku Laxton ali ndi mapu amene Mark Pierce anajambula mu 1635, osonyeza zigawo zoposa 2,000, ndipo akusungidwa mpaka lero ku laibulale ya Bodleian ku Oxford. Lanu likhale kope la sukulu, bola lisanyowe. Zikakanika kwa a nyakwawa, kuli a gulupu, ndipo lamulo la malo a makolo la 2016 linaikanso mabwalo omva milandu ya malo.

Ndine mkulu wa mpingo ku Kamwendo, Mchinji. Achinyamata akufuna tigwetse tchalitchi chathu chakale chimene anamanga makolo, timange chamakono pamalo pomwepo. Kunja kumene munapitako, nyumba zakale amatani nazo? — Mkulu wa mpingo

Bambo, ndiyankhe ndi mudzi womwewu, poti ndi umene ndikuudziwa. Tchalitchi cha ku Laxton, cha St Michael, ndi chamiyala, ndipo zigawo zake zakale kwambiri ndi za m'zaka za m'ma 1100. M'katimo muli manda a banja la Everingham, amene anali eni mudzi, pamwamba pake atasema anthu ogona chagada. Nkhope zina zinafufutika, mphuno zinatha. Munkazizira kuposa panja, ndipo mipando inali yambiri kuposa anthu amene mudziwo ungatulutse Lamulungu.

Musaganize kuti azungu sagwetsa. Cha m'ma 1860 tchalitchi chomwechi anachifupikitsa, nsanja yake n'kuimanganso, ndipo mpaka lero odziwa za nyumba zakale amadandaula nazo. Linga limene Anormani, mtundu wa mfumu William ija, anamanga kumpoto kwa mudziwo, kumene mfumu John ya England inkafikira, latsala chulu chachikulu chomera udzu ndi maenje ozungulira. Ndinakwerapo ndikupumira m'mwamba, pamwamba n'kupezapo mphepo basi. Kusunga kwenikweni kunalimba nkhondo yachiwiri itatha, pamene boma linayamba kulemba nyumba zofunika m'kaundula. Nyumba ikalowa m'menemo, kuigwetsa kapena kuisintha popanda chilolezo ndi mlandu. Tchalitchi cha ku Laxton chili m'gulu loyamba, lotetezedwa kwambiri.

Maganizo anga ndi awa. Ngati malo alipo, chatsopano mangani pambali, chakale chikhale cha Sande sukulu ndi makwaya. Koma itanani mmisiri aone kaye maziko ndi mitanda ya denga, chifukwa chiswe cha ku Mchinji sichidziwa mbiri. Akanena kuti khoma lapita, jambulani zithunzi mbali zonse, lembani mayina a amene anaumba njerwa agogo owadziwa akadali moyo, ndipo belu, chitseko ndi guwa musazigulitse kwa ogula zitsulo ndi matabwa. Mukazilowetse m'chatsopanocho.